Tsamba Limene Khoti Silinaone

1

Ndine mphunzitsi wa kalasi yachinayi. Ndagwira cholembera chofiira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo dzanja langa linazolowera kukonza moti ngakhale uthenga wa maliro ndimauwerenga ndikufunafuna posowa mpumiro. Akulu anga ankandinena kuti tsiku lina ndidzachonga ndi Baibulo lomwe. Sinditchula dzina la munthu aliyense m'nkhani ino, chifukwa muli mwana amene wavutika kale mokwanira.

Mwanayo ndi wa akulu angawo. Tinkamutcha Kanyerere chifukwa anali wochepa thupi koma wosakhala pansi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo amayi ake ankagwira ntchito kophikira buledi, kuyambira m'mawa mpaka faifi koloko. Choncho akaweruka kusukulu ankabwera kwanga, kudya, kulemba homuweki patebulo langa, n'kumadikira amayi ake.

Chaka chimenecho ndinali pachibwenzi. Musandiseke. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo achibale anali atasiya kundifunsa za banja, zomwe zimapweteka kuposa kufunsidwako. Kenako firiji yanga inafa, kunabwera bambo wina wokonza, waulemu, wolankhula motsitsa, wosavula chipewa chake chabulauni. Aneba anamutcha a Chipewa. Firiji inachira tsiku lomwelo, koma iwo sanasiye kubwera, ndipo patapita miyezi inayi ndinawapatsa kiyi wa nyumba. Masiku a misonkhano ya aphunzitsi, ndi iwo amene ankamutsegulira Kanyerere chitseko.

Chibwenzicho chinatha moipa kumapeto kwa teremu yachiwiri. Ndinamva kuti ali ndi mkazi ndi ana awiri mbali ina ya tauni. Ndinatulutsa malaya awo ndi nsapato n'kuponya pakhonde aneba onse akuonerera, ndipo ndinakuwa mawu amene ndinadzawamvanso m'khoti: "Simunandidziwe bwino inu. Mudzandiona."

2

Patapita miyezi iwiri, masana ena Lachitatu, ndinamupatsa Kanyerere chimangirizo choti ayeserere. Mutu wake unali wakuti "Chinthu chimene sindichikonda". Ndinkayembekezera kuti alemba za masamu kapena za kutsuka mbale. Analemba nthawi yaitali, ataphimba kope ndi mkono, kenako anandikankhira n'kukaima pazenera atandifulatira.

Zimene zinali m'menemo sindizilemba pano ndipo sindidzazilemba kwina kulikonse. Linali tsamba limodzi ndi theka, la pensulo, lopanda mpumiro ndi umodzi womwe. Linkanena za a Chipewa ndi masiku a misonkhano aja. Ndinakhala pansi pasimenti.

"Kanyerere, zimenezi n'zoona?"

Anagwedeza mutu kuvomereza, osatembenuka.

Ndinalira, ndinamukumbatira, ndinamuuza kuti sanalakwe chilichonse. Kenako ndinatenga pepala loyera m'kabati n'kuliika patsogolo pake.

"Apolisi sangawerenge zolemba zoterezi, mwanawe. Lembanso bwinobwino, ndikuthandiza."

"Ndalakwitsa, amayi aang'ono?"

"Ayi, tingokonza pang'ono."

Ndinakhala pambali pake monga ndimakhalira ndi mwana aliyense m'kalasi. Pamene analemba kuti "masiku ambirimbiri" ndinamuuza alembe "mobwerezabwereza". Pamene analemba kuti "tsiku lija kunagwa mvula" ndinatsegula kalendala ya misonkhano n'kumupatsa deti. Ndinagawa ndime, ndinaika mipumiro, zina ndinati tisiye. Pepala latsopanolo linatuluka laudongo, loti mphunzitsi aliyense akanalipatsa malikisi onse. Tsamba loyamba lija ndinalithothola m'kope n'kulipinda.

Nditatero ndinaimbira foni akulu anga. Anafika ufa udakali m'manja, ndipo atawerenga sanalire, anangomunyamula mwanayo ngati khanda. Tsiku lomwelo tinapita kupolisi, mawa lake kuchipatala. Lachisanu a Chipewa anamangidwa ali kuntchito.

3

Woimira boma pa mlanduwo anali mayi wamagalasi, wolankhula mosathamanga, amene ofesi yake inali yodzaza mafayilo mpaka pawindo. Anatiitana ine ndi akulu anga, mwanayo anamusiya panja ndi wapolisi wamkazi.

"Ndikuuzeni zoona kuti musadzadabwe," anatero. "Milandu imeneyi imachitikira kumene kulibe woonerera. Lipoti la adokotala likusonyeza kuti mwanayu anavulazidwa, koma silinena kuti anamuvulaza ndani. Ndiye mlandu wonse waima pa mawu a mwana."

"Mawu a mwanawo si okwanira?" anafunsa akulu anga.

"Akhoza kukwanira, woweruza akawakhulupirira. Koma amawayeza. Amaona ngati zimene mwana ananena kupolisi zikugwirizana ndi zimene akunena m'khoti. Amaona ngati ndi mawu akeake kapena wina anamuikira m'kamwa. Amafunanso kudziwa munthu woyamba kuuzidwa, tsiku limene anauzidwa, ndi mmene mwanayo ananenera. Loya wa mbali inayo adzafufuza paliponse pamene pali mng'alu."

Anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, inu ndinu mboni yaikulu. Munamva liti koyamba?"

"Lachitatu lija, pa chimangirizo."

"Sanayambe wanenapo kanthu kale, ngakhale mophiphiritsa?"

"Akanandiuza ine mayi ake," anayankha akulu anga ndisanatsegule pakamwa. Ine ndinangogwedeza mutu kuvomereza.

"Pepalali analemba yekha?"

"Ndi dzanja lake," ndinatero, ndipo linalidi dzanja lake.

Potuluka anatichenjeza kuti tisamuphunzitse mwanayo zokanena. Akaiwala deti aiwale, akasokoneza asokoneze, chifukwa khoti limadziwa kuti mwana ndi mwana.

Miyezi isanu tikudikira mlandu, ine ndinali ngwazi. Aphunzitsi anzanga ankandigwira dzanja. Aneba omwe aja ankati mayi uyu ndi wolimba mtima, wapereka mwamuna amene ankamukonda chifukwa cha mwana. Akulu anga anandiuza tsiku lina tili pa basi kuti, "Pakanapanda iwe, mng'ono wanga, bwenzi mwana wanga akufa nazo mumtima." Usiku umenewo chakudya chinandikanika.

4

Tsiku la mlandu anatulutsa anthu onse osakhudzidwa. Kanyerere anapereka umboni ali kuseri kwa katani kuti asaonane maso ndi woimbidwa mlandu, amayi ake atakhala naye pafupi. Akulu anga anandiuza pambuyo pake kuti woweruza, bambo wa imvi, anayamba ndi kumufunsa ngati akudziwa kusiyana kwa zoona ndi bodza. Mwanayo anayankha kuti bodza ndi pamene ukunena kuti wasamba koma wangonyowetsa kumaso, ndipo woweruzayo anamwetulira n'kulemba.

Ine sindinamve chilichonse cha zimenezi. Mboni imene sinalankhule siloledwa kumva umboni wa inzake, choncho ndinakhala pabenchi la pakhonde maola atatu, ndikuyang'ana mlonda akuthirira maluwa. Atandiitana, mwanayo anali atatuluka kale pakhomo lina, koma akulu anga anatsala, atakhala kumbuyo kwa woimira boma. Ndinalumbira kunena zoona zokhazokha.

Mafunso a boma anayenda bwino. Kenako anaimirira loya wa a Chipewa, mnyamata waulemu kwambiri, atanyamula pepala loyera lija.

"Mwaphunzitsa ana zaka zingati, mayi?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Pa zaka zonsezo, ndi ana angati a zaka zisanu ndi zinayi amene analembapo mawu akuti mobwerezabwereza?"

"Mwanayu ndi wanzeru."

"Sindikukana. Ndamufunsa tanthauzo la mawu amenewa, wati sakudziwa. Ndamufunsa za madeti anayi ali apawa, wati munamupatsa ndinu. N'zoona?"

"Ndinangomuthandiza kukumbukira."

"Anayamba walemba papepala lina?"

"Linali losawerengeka. Ndinalitaya."

Woimira boma anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Loya uja anapitiriza modekha. Anandifunsa za malaya apakhonde, za mkazi wa mbali ina ya tauni, ndipo anawerenga mawu anga aja monga mmene mneba wina anawalembetsera: mudzandiona. Ndinavomera kuti ndinanenadi.

"Funso lomaliza. Kupolisi munalembetsa kuti munamva nkhaniyi koyamba tsiku la chimangirizo, miyezi iwiri chibwenzi chanu chitatha. Mwanayu wauza khoti lino kuti anakuuzani kalekale, m'teremu yoyamba, tsiku lina mukuchapa. Wanena zoona ndani?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwa woimira boma. Akulu anga anali akundiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akudikira kuti umutsitse katundu pamutu.

"Sanandiuze," ndinatero. "Mwina wasokoneza. Ndi mwana."

"Zikomo, mayi. Ndilibe funso lina."

5

Chigamulo chinawerengedwa patapita masabata atatu. Ndinkaganiza kuti woweruza angonena mawu awiri, koma anawerenga pafupifupi ola lathunthu, akutenga umboni umodziumodzi ngati mayi wosankha nyemba.

Anati lipoti la adokotala akulikhulupirira, mwanayo anachitidwadi zoipa. Anati kuchedwa kuulula sikusonyeza bodza, chifukwa ana ambiri amaopa, ena amakhala chete zaka. Anati kusokoneza masiku n'kwachibadwa kwa mwana, ndipo akanakhala kuti mwanayo anabwera ndi mawu akeake osalongosoka, khoti likanawalandira momwemo. Anatinso mwanayo anaoneka wodekha ndi wosakokomeza. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo.

Kenako anatembenuza tsamba. Anati pepala limene boma linabweretsa silingadaliridwe, chifukwa khoti silingathe kusiyanitsa mawu a mwana ndi mawu a munthu wamkulu amene anali ndi chifukwa chodana ndi woimbidwa mlandu. Anati mbali yoteteza ikunena kuti nkhani yonse yoloza bamboyu inabadwa chibwenzi chitatha.

"Chikanathetsa ganizo limeneli ndi chinthu chimodzi," anawerenga. "Mwanayu akuti anadandaula m'teremu yoyamba, nthawi imene mboni ndi woimbidwa mlandu anali pachikondi, popanda chidani chilichonse. Zimenezo zikanatsimikizika, nkhani ya kubwezera ikanagwa yokha. Koma munthu amene mwanayu akuti anamuuza wakana atalumbira, ndipo ndi mboni ya boma lomwe. Khoti silikuona chifukwa chimene mboniyi inganamire pa mfundo yothandiza mbali yake."

Anakweza maso. "Sindikunena kuti mwanayu wanama. Ndikunena kuti lamulo silindilola kumanga munthu pamene patsala chikayiko chomveka, ndipo pano chatsala."

A Chipewa anatuluka pakhomo lakutsogolo, mkazi wawo atawagwira mkono. Akulu anga anakhala pabenchi m'khotimo mpaka mlonda anabwera kudzatipempha kuti tituluke. Tili panja akulu angawo anati, "Nanga mwana wangayu bodza la kuchapalo analitenga kuti? Likanapanda limenelo tikanawina." Madzulo ake anamufunsa mwanayo n'kumukalipira.

6

Silinali bodza. Linali Loweruka la teremu yoyamba, ndikuchapa kuseri kwa nyumba, iye akundithandiza kutsukuluza masokosi. Ndinali wosangalala tsiku limenelo, chifukwa dzulo lake a Chipewa anali atanena zokaonekera kwa akuluakulu. Kanyerere anayang'ana m'beseni n'kunena motsitsa kuti sakufuna kumatsala ndi ankolo aja, amamuchita zinthu zoipa ndipo amati asanene.

Ndikukumbukira sopo ali m'manja mwanga. Ndikukumbukira kuti ndinamva bwinobwino. Ndinamuyankha kuti, "Iwe, usamanamizire akuluakulu. Ukudziwa kuti mawu oterowo amamangitsa munthu? Usadzabwerezenso." Anati pepani, n'kupitiriza kutsukuluza.

Ndinadziuza kuti ndi nsanje ya mwana amene anazolowera kukhala nane yekha. Koma kiyi sindinalande, ndipo misonkhano inapitirira. Pa madeti anayi amene ndinamupatsa aja, atatu anali a pambuyo pa Loweruka limenelo.

Tsamba lija sindinataye. Linali m'kati mwa satifiketi yanga ya uphunzitsi, pansi pa sutikesi. Mzere wake womaliza, umene ndinamuuza kuti tisiye, unali wakuti: "ndinawauza amai angono koma anati ndikunama ndiye ndinangokhala". Kukonza mipumiro konse kuja kunali kofuna kuchotsa mzere umodzi umenewu. Ndinkaopa maso a akulu anga kuposa mmene ndinkaopera Mulungu, ndipo sindinadziwe kuti chimene ndikubisacho ndicho chinali msana wa mlandu wonse.

Chigamulo chitaperekedwa ndinapirira masiku asanu ndi anayi. La khumi ndinapita kophikira buledi nthawi ya nkhomaliro, ndinawaitanitsa akulu anga kukhomo lakuseri kumene amatsitsira matumba a ufa, n'kuwapatsa tsambalo. Anawerenga ataimirira, milomo ikuyenda. Atafika pamapeto anabwereranso pamwamba.

"Unali nalo nthawi yonseyi?"

"Eya, asisi."

"Tsiku lija pa basi, ndikukuthokoza, unali nalo?"

"Eya."

"Ine ndamukalipira mwana wanga chifukwa cha iwe. Ndamuuza kuti bodza lake latigwetsa." Anapinda tsambalo mosamala n'kuliika m'thumba la epuloni. "Usabwere kunyumba. Ndikakufuna ndikuitana."

Mawa lake ndinapita kwa woimira boma. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anati munthu amene khoti lamupeza wosalakwa sazengedwanso mlandu womwewo mwachisawawa, ndipo ngakhale njira itapezeka, mboni imene yavomera kuti inanama italumbira ndi yovuta kuigwiritsanso ntchito. Anati ineyo ndikhoza kuimbidwa mlandu wa kunama m'khoti. Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinalemba zonse n'kusaina.

"Mukanangoti inde, aphunzitsi," anatero akutseka fayilo. "Anthu akanakunenani mwezi umodzi. Ine ndikanakhala ndi mlandu."

7

Akulu anga anamusamutsira mwanayo kusukulu ina. Anandiitana patatha chaka ndi miyezi itatu, ndipo anati si kuti andikhululukira, koma mlangizi amene amacheza ndi Kanyerere wati mwanayo ayenera kumva kuchokera pakamwa panga. Ndinamupeza atatalika, atakhala pampando manja ali pamaondo. Ndinagwada pansi, ine mayi ake wamng'ono.

"Unandiuza tikuchapa. Ndinamva. Unanena zoona kunyumba, unanenanso zoona kukhoti. Wonama ndinali ine."

Anandiyang'ana. "Ndiye a woweruza aja mwawauza?"

"Ndinalemba kalata, ili m'fayilo."

"Awerenga?"

"Sindikudziwa, mwanawe."

"Chabwino," anatero, n'kufunsa amayi ake ngati angapite kukamaliza homuweki.

Inu amene mukuwerenga, ndakhala ndikufuna kukwiyira khoti koma ndalephera. Woweruza uja anayeza zimene tinamupatsa, ndipo ine ndinamupatsa pepala lokongola ndi bodza. Khoti silinaliko kuseri kwa nyumba yanga Loweruka lija. Limaona kudzera mwa ife akuluakulu amene mwana amatisankha kuti atiuze, ndipo mwana sasankha loya kapena wapolisi, amasankha amene amamupatsa chakudya. Akadzakusankhani inu, mudzamve ulendo woyamba womwewo, ngakhale dzina limene watchula likhale la munthu amene mumagona naye chipinda chimodzi. Musadzamukonzere mawu. Mudzawasunge mmene atulukira, okhotakhota momwemo, mudzakumbukire tsiku, ndipo mudzapite nawo kwa oyenera. Ngati munachedwa, mudzanene kuti munachedwa. Manyazi anu ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi chimene mwanayo adzasenze mukawabisa.

Mlandu wanga wa kunama sunaitanidwebe, ndipo ndikaitanidwa ndidzapita. Akulu anga amandiyankha moni masiku ano, nthawi zina amandiuzako za mwanayo. Mwezi watha anandiuza kuti mtsikana wina wa m'kalasi mwake anamulanda buku la sayansi, ndipo Kanyerere anakhala milungu itatu akukopera kwa anzake osauza aliyense. Amayi ake atazindikira anamufunsa chifukwa chimene sanakanene kwa aphunzitsi.

Anayankha akupitiriza kulemba, osakweza mutu: "Tinali awiriwiri, amayi. Ndilibe mboni."